Spear, lance, pike, javelin: zonsezi tizingoti mkondo basi?

NaBanda, Dedza
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto la m'kalasi, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa Chingelezi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Dedza. Teremu ino tayamba kuwerenga sewero la Shakespeare lotchedwa Macbeth, ndipo tisanapite patali n'komwe takumana ndi kerns ndi gallowglasses, kenako mawu a zida ndi zovala zankhondo akungobwera motsatizana. Dzulo mtsikana wina anafunsa kusiyana kwa spear ndi lance. Ndinati zonse ndi mkondo. Anafunsa za pike, ndinati mkondonso. Atafika pa javelin ndinaona nkhope yake itagwa, anatseka kope n'kukhala chete. Zandiwawa usiku wonse, chifukwa mwanayo anafunsa funso labwino koma wabwerera chimanjamanja. Dikishonale ndili nayo, koma imatanthauzira mawu ovuta ndi mawu enanso ovuta. Amene mukudziwa zinthu zimenezi, ndiphunzitseni monga mmene mungafotokozere mwana wa kumudzi amene sanaonepo hatchi.

Mbewe wa ku Leeds
Zikomo aphunzitsi. Ine si mphunzitsi ayi, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England, koma mumzinda uno muli nyumba yosungiramo zida zakale yotchedwa Royal Armouries, kulowa ndi kwaulere, ndipo ndapitako ndi ana anga kangapo. Chimene ndinaphunzira kumeneko n'chakuti Azungu sanapatse zidazi mayina potengera maonekedwe okha. Funso ndi lakuti: wanyamula ndani, ndipo akuchita nacho chiyani?

Spear ndiye dzina la banja lonse, mtengo wokhala ndi chitsulo chosongoka kumutu. Javelin ndi wopepuka, woponya, ukachoka m'manja wapita. Lance ndi wa munthu wokwera hatchi: amaupanira m'khwapa, hatchi n'kuthamanga, mphamvu yobaya imachokera ku liwiro la hatchiyo osati ku dzanja. Pike ndi wa asilikali oyenda pansi, wautali mamita 5 kapena kuposa, moti munthu mmodzi payekha sangachite nawo kanthu. Amaima mazanamazana mothithikana, nsonga zonse kuloza kutsogolo ngati minga ya nungu, kuti mahatchi asadutse. Mukauona pike ataukhomerera kukhoma mungaganize kuti ndi phaso la denga la tchalitchi.

NaBanda, Dedza
Achimwene, nungu imeneyo ndiye ndatola. Ana anga onse akuidziwa nungu. Pitirizani chonde.

Abusa Opuma, Nkhoma
Mayi mphunzitsi, musaiwale kuti Chichewa chathu chili ndi mawu awiri, osati amodzi. Pali mkondo, palinso nthungo. Tsegulani 1 Samueli 17, pamene Davide akuyankha Goliati. Akumutchulira zida zitatu zimene wabwera nazo: lupanga, mkondo ndi nthungo. Mabaibulo a Chingelezi cha masiku ano pamenepo amati sword, spear ndi javelin. Ndiye amene anamasulira kalelo anaona kuti kusiyanitsa n'kotheka.

Mutu womwewo ndi phunziro lathunthu la zimene mukufunazi. Goliati ali ndi chisoti chamkuwa, ndiye helmet. Wavala malaya aunyolo, amene Baibulo lakale la Chingelezi limati coat of mail, olemera masekeli 5,000, kutanthauza makilogalamu pafupifupi 57, kuposa thumba la feteleza. M'miyendo wavala zamkuwa zoteteza misongolo, ndiwo ma greaves. Chitsulo cha kumutu kwa mkondo wake chokha ndi masekeli 600, pafupifupi makilogalamu 7. Kutsogolo kwake kukuyenda munthu womunyamulira chikopa. Davide akubwera ndi gulaye, ndiye sling. Mukatero pitani ku Aefeso 6, mupeza chapachifuwa, ndiye breastplate, kenako chikopa, chisoti ndi lupanga. Ana ambiri mavesi amenewa analoweza ku Sande sukulu. Muyambire pa zimene akudziwa kale.

Tadala F4
Pepani akuluakulu, ine ndine mwana wasukulu, ndimangowerenga pagulu pano. Coat of mail imeneyo imandisokoneza. Mail si makalata? Zikugwirizana bwanji ndi malaya?

Mbewe wa ku Leeds
Funsa ndithu mwanawe, gulu lino ndi lako. Ndi mawu awiri osiyana amene angofanana kalembedwe. Mail ya makalata inachokera ku mawu akale otanthauza thumba la wapaulendo. Mail ya nkhondo inachokera ku Chifalansa, maille, kutanthauza diso la ukonde. Ganiza za ukonde wa usipa, koma maso ake akhale timphete tachitsulo, kalikonse kolowetsedwa mwa tinzake tinayi n'kukhomedwa. Malaya amodzi ankadya timphete masauzande ambirimbiri, ndipo mmisiri ankatha miyezi akuluka. Malaya aatali otere, ofika m'mawondo, dzina lake ndi hauberk. Lupanga likamenya silidula, koma thupi limamvabe kupweteka, n'chifukwa chake mkati ankavala chovala china chokhuthala chansalu chotchedwa gambeson.

Chikondi wa pa Kabaza
Ine ndinene maganizo anga mosabisa. Aphunzitsi mukudzivutitsa. Mwana wa ku Dedza adzapita kuti ndi mawu akuti hauberk? Mayeso akadzabwera adzafunsa za khalidwe la anthu a m'seweromo, osati kutalika kwa mkondo. Ine ndinamaliza Fomu 4, lero ndili pa njinga yamoto, mawu amodzi okha amene ndimagwiritsa ntchito pa onsewa ndi helemeti. Nthawi imeneyo bwanji osawaphunzitsa kulemba kalata yofunsira ntchito?

NaBanda, Dedza
Achimwene a Chikondi, kalata yofunsira ntchito timaphunzitsa, ndipo mukunena zoona kuti hauberk sindidzayembekezera kuiona pa pepala la mayeso. Koma taonani chimene chimachitika. Mwana akawerenga tsamba limene lili ndi mawu asanu osawadziwa, amasiya kuona chithunzi m'mutu mwake. Akasiya kuona chithunzi amasiya kuwerenga, n'kuyamba kuloweza manotsi. Ndawaona ana otere chaka ndi chaka. Atha kukuuzani kuti wakutiwakuti anali wolimba mtima, koma muwafunse kuti chinachitika n'chiyani pabwalo lankhondo, ziii. Ine ndikufuna aone fumbi ndi mahatchi.

Sajeni Wopuma, Zomba
Mwana wanga Chikondi, mawu amenewa sanafe ayi, ukuyenda nawo tsiku ndi tsiku osadziwa. Wapolisi amene amakuimitsa pamsewu, udindo wake woyamba ndi constable. Mawuwo anachokera ku Chilatini, comes stabuli, mkulu woyang'anira khola la mahatchi a mfumu. Marshal nayenso poyamba anali wosamalira mahatchi. Ine ndinapuma ndili sajeni, ndipo sergeant tanthauzo lake lenileni ndi wotumikira. Lieutenant ndi Chifalansa: wogwirizira malo a mkulu wake akachoka. Ifeyo timatchula kuti lefutenanti potsatira Angelezi, Amereka amatchula mosiyana. Colonel amalemba ndi l koma potchula l woyambayo samveka, amamveka ngati kenolo. Lance corporal muli lance yemwe uja achimwene a ku Leeds afotokoza.

Mawu akuti soldier nawonso ali ndi nkhani. Gwero lake ndi solidus, ndalama yagolide ya Aroma. Msilikali ndi munthu wolipidwa. Infantry, asilikali oyenda pansi, ndi mawu apachibale ndi infant. Ku Italy anyamata amene analibe hatchi ankawatcha choncho, ngati kunena kuti achinyamata, otsatira pambuyo pa mabwana. Cavalry ndi okwera mahatchi.

Mayi a Dalitso, Tete
Bambo sajeni, pa cavalry pamenepo ndiloleni ndilowe. Kuno timalankhula Chinyanja ndi Chipwitikizi. Hatchi m'Chipwitikizi ndi cavalo, ndipo ndi momwe tinatengera mawu athu akuti kavalo, amene ali m'Baibulo monse. Ndiye aphunzitsi mukangolemba pa bolodi kavalo ndi cavalry moyandikana, ana adzaona okha. Chimodzimodzi kapitawo wa kumunda wa tiyi kapena wa pamsewu, ameneyo ndi capitão wa Chipwitikizi, m'bale wake wa captain.

NaBanda, Dedza
Mayi a Dalitso, mwandipatsa mphatso. Kavalo ndi cavalry! Zaka zonsezi mawu awiriwa ndakhala nawo m'kamwa osawalumikiza. Nanga chivalry?

Mbewe wa ku Leeds
Banja lomwelo. Chifalansa chimati cheval pa hatchi, chevalier pa wokwera hatchi. Chivalry poyamba inali gulu la ankhondo a pa mahatchi, kenako inadzatanthauza khalidwe limene ankayembekezeka kukhala nalo: kusathawa, kusunga lonjezo, kulemekeza amayi.

Ndipo apa pali chinthu chimene chingathandize ana kumvetsa chifukwa chake mawu ambiriwa ndi ovuta kulemba. Pa 14 Okutobala 1066, William wa ku Normandy anagonjetsa mfumu Harold pa nkhondo ya Hastings. Kuchokera pamenepo olamulira England anali olankhula Chifalansa kwa zaka mazana angapo. Ndiye muona kuti mawu afupiafupi a zida za munthu wamba ndi Chingelezi chakale: sword, spear, shield, bow, arrow, axe, helm. Koma za mabwana okwera mahatchi zambiri ndi Chifalansa: armour, lance, mace, gauntlet, visor, cuirass, banner, ngakhale army ndi battle. Gauntlet ndi golovesi yachitsulo. Visor ndi kachitseko ka kumaso kwa chisoti, a Chikondi muli nako pa helemeti yanu. Cuirass ndi chapachifuwa pamodzi ndi chakumsana, ndipo muli mawu akuti cuir, chikopa cha nyama, chifukwa zoyambazo zinali zachikopa zisanakhale zachitsulo.

Knight yekha ndiye wodabwitsa. Ndi Chingelezi chakale, cniht, ndipo ankatanthauza mnyamata wantchito. Mawuwo anakwera udindo pamodzi ndi eni ake. Kalelo k uja ankamutchula, lero samveka, monganso w wa mu sword. Ana auzeni msanga zimenezi, poti ambiri timakula tikunena kuti swodi.

aJere, Mzimba
Ndawerenga zonse kuyambira pamwamba. Zabwino ndithu, koma mtima wanga sunakhazikike. Tikuyamikira zida za Azungu ngati kuti kuno kunalibe. Makolo athu anawoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, atanyamula zishango za zikopa za ng'ombe, mikondo ndi zibonga. Mpaka lero pa Umthetho ku phiri la Hora timavina ingoma titazigwira. Ndifunse ana a masiku ano, kodi phodo n'chiyani? Chimake n'chiyani? Ulembe n'chiyani? Ambiri sayankha. Mukati chishango amaganiza za makondomu, mukati chikopa amaganiza za mpira. Ndiye mwana adziwe quiver koma phodo asalidziwe? Izi ndi zimene zikundidetsa nkhawa.

Tadala F4
Agogo, ndivomere, phodo sindikulidziwa. Chimake ndinamvapo kutchalitchi pa nkhani ya Petro.

aJere, Mzimba
Wachita bwino kunena zoona, mdzukulu wanga. Phodo ndi thumba la mivi limene mlenje amakoleka kumsana, ndiye quiver ya Azunguyo. Chimake ndi nyumba ya mpeni kapena lupanga. Ulembe ndi mankhwala akupha amene ankapaka kunsonga kwa muvi. Amang'anja a kuchigwa cha Shire ankaupanga kuchokera ku nthanga za kombe, ndipo John Kirk amene ankayenda ndi David Livingstone ataziona anatumiza kwawo, mapeto ake madokotala anapangako mankhwala a mtima. Dzina la mtengowo m'mabuku a sayansi mpaka lero lili ndi mawu akuti kombe.

NaBanda, Dedza
Bambo Jere, mawu anu ndawamva ndipo sindikutsutsa. Kunena zoona vuto langa la dzulo lagona pomwepo. Ndinalephera kusiyanitsa spear ndi javelin chifukwa nthungo ndinali nditaiiwala. Chichewa changa chikanakhala chokwanira, Chingelezicho sichikanandivuta. Ndiye pa bolodi ndiyamba ndi athu: uta, muvi, phodo, nsinga, mkondo, nthungo, chibonga, nkhwangwa, chishango, chimake, linga. Achingeleziwo abwere pambuyo, aliyense apeze mnzake. Amene alibe mnzake, monga pike, tidzafotokoza ndi nungu ija.

Pa chimake, Chingelezi chili ndi awiri: sheath ndi scabbard. Alipo angandisiyanitsire?

Abusa Opuma, Nkhoma
Sheath ndi wa chilichonse chakuthwa, kawirikawiri mpeni, ndipo amakhala wofewa, wachikopa. Scabbard ndi wa lupanga, wolimba, wathabwa kapena wachitsulo. Chogwirira cha lupanga ndi hilt, chitsulo chakuthwacho ndi blade. Mukamva kuti munthu ali m'ngongole up to the hilt, akunena kuti yalowa yonse mpaka pachogwirira, palibe chatsala kunja.

Zulu wa ku Chipata
Bambo Jere, ife a kwa Mpezeni tili nanu limodzi, pa Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale zishango zimadzaza bwalo. Ndiwonjezere kuti Chingelezi chinatengako mawu kuchokera kuno ku Africa. Assegai ndi mawu amene Azungu ankatchulira mikondo ya Azulu ndi Angoni, koma gwero lake ndi chilankhulo cha Aberber a kumpoto kwa Africa, anadzera kwa Aluya ndi Apwitikizi. Azulu eni ake mkondo waufupi wobayira pafupi, umene umatchuka ndi dzina la Shaka, amautcha iklwa. Knobkerrie ndi chibonga chathu chomwechi, mawuwo anapangidwa ku South Africa. Impi nayonso inalowa m'madikishonale a Chingelezi. Pa 22 Januwale 1879 ku Isandlwana, impi ya Azulu yonyamula mikondo ndi zishango inagonjetsa asilikali a Britain okhala ndi mfuti. Azungu sakanaiwala mawu a anthu amene anawachita zotero.

Chikondi wa pa Kabaza
Apa ndiye mwayamba kundikoka. Chibonga m'Chingelezi si club? Nanga mace imene atchula a ku Leeds ndi chiyani?

Sajeni Wopuma, Zomba
Club ndi chibonga chamtengo. Mace ndi chibonga cha mutu wachitsulo, nthawi zina wokhala ndi mapiko kapena minga. Ntchito yake inali kuphwanya munthu wovala zachitsulo amene lupanga silikanamulowa. Ndipo mace waiona, mwana wanga. Nyumba ya Malamulo ikamatsegulidwa ku Lilongwe, patsogolo pa Sipikala pamayenda munthu atanyamula ndodo yonyezimira paphewa, n'kukaiika patebulo. Imene ija ndi mace, woinyamulayo ndi Sergeant-at-Arms. Kale ku England anthu a udindo umenewu anali alonda a mfumu, ndipo chibongacho chinali chomenyera ndithu. Lero chikuimira ulamuliro wa Nyumbayo, popanda icho zokambirana sizichitika.

Tulutsanso ndalama m'thumba uyang'ane chizindikiro cha dziko lathu. Pakati pali chishango, mbali ina mkango mbali ina kambuku, pamwamba pa chishango pali chisoti chankhondo, pamwamba pake nkhwazi. Chimenecho amati coat of arms. Dzinalo linabwera chifukwa ankhondo akavala zachitsulo nkhope sizinkaoneka, ndiye ankajambula chizindikiro cha banja lawo pa chishango ndi pa malaya ovala pamwamba, kuti anzawo awazindikire.

Tadala F4
Ine ndinamva kuti zovala zachitsulozo zinali zolemera kwambiri moti munthu ankachita kumukweza pa hatchi ndi makina, ndipo akagwa sankatha kudzuka. Ndi zoona?

Mbewe wa ku Leeds
Si zoona, mwanawe, ngakhale ambiri amakhulupirira choncho. Chovala chonse cha kunkhondo, chimene amati plate armour, chinkalemera makilogalamu 20 mpaka 25, theka la thumba la chimanga, ndipo kulemerako kunkagawika thupi lonse. Ku Royal Armouries ndinaona ndi maso anga anyamata atavala zotere akumenyana, kugwa pansi n'kudzuka okha. Vuto lake lalikulu linali kutentha ndi kupuma movutikira mkati mwa chisoti. Povala pokha ndiye pankafunika wothandiza kumanga malamba akumsana. Ameneyo ndi squire, mnyamata wophunzira ntchito amene ankanyamula chishango cha bwana wake. Amene munalandirapo kalata yakale yolembedwa Esq. kumapeto kwa dzina, ndi esquire ameneyo, wonyamula chishango. Asanakhale squire ankayamba ali page, kamnyamata kotumikira m'nyumba.

Koma amene ine amandigwira mtima si okwera mahatchiwo, ndi anthu a mauta. Longbow unali uta wa mtengo wa yew, wotalika ngati munthu wamkulu. Sitima yankhondo ya Henry VIII yotchedwa Mary Rose inamira mu 1545, anaivuula mu 1982, ndipo anapezamo mauta oposa 130 ali athunthu ndi mivi masauzande. Akatswiri atawayeza anapeza kuti kukoka nsinga ya ambiri mwa iwo kunkafuna mphamvu yonga yonyamulira thumba la makilogalamu 50, ena kuposa pamenepo. Munthu sangayambe zimenezo atakula. Mu 1363 mfumu Edward III inalamula kuti amuna aziphunzira kuponya mivi Lamulungu ndi masiku a tchuthi, n'kuletsa masewera ena kuphatikizapo mpira. Pa nkhondo ya Agincourt mu 1415, alimi ndi amisiri onyamula mauta amenewa ndi amene anagwetsa mabwana a ku France m'matope. Mayina a mabanja akuno akusungabe ntchitozo: Archer ndi woponya mivi, Bowyer ndi wosema mauta, Fletcher ndi woika nthenga ku mivi.

Crossbow ndi wosiyana. Ndi uta waufupi wopingasa pa thabwa, umakokedwa n'kukoledwa, kenako umaombedwa ngati mfuti. Muvi wake sautcha arrow, amati bolt kapena quarrel. Unkachedwa kukoka, koma munthu ankauphunzira m'masabata ochepa.

aJere, Mzimba
Apo ndagwirizana nanu achimwene. Kulikonse nkhondo imapambanidwa ndi anthu wamba, mayina n'kutchuka a mafumu.

Mayi a Dalitso, Tete
Funso la aphunzitsi loyamba lija sitinaliyankhe. Kerns ndi gallowglasses ndi ndani?

Abusa Opuma, Nkhoma
Zoona mayi, tinatengeka. Onsewo ndi mawu ochokera ku chilankhulo cha ku Ireland. Kern anali msilikali wa pansi wopepuka, wopanda zovala zachitsulo, wonyamula nthungo zingapo ndi mpeni wautali, wothamanga, wodziwa tchire. Gallowglass anali chimphona chovala malaya aunyolo ndi chisoti, chonyamula nkhwangwa yaikulu ya mpini wautali. Amenewa ankachokera ku zilumba za kumadzulo kwa Scotland, mbadwa za anthu akumeneko osakanikirana ndi ma Viking, ndipo mafumu a ku Ireland ankawalemba ganyu. Msilikali waganyu wotere ndiye mercenary. Ndiye mwana akawerenga kuti Macdonwald, woukira mfumu koyambirira kwa seweroli, anabwera ndi kerns ndi gallowglasses, amve kuti anasonkhanitsa opepuka ndi olemera omwe, ndipo anali obwereka kunja, osati anthu a mfumu. Zimenezo zikunenapo kanthu za woukirayo.

NaBanda, Dedza
Abusa, ndiye mfundo imene a Chikondi amafuna ija, ya khalidwe la munthu, yatulukira m'mawu a zida omwewo.

Chikondi wa pa Kabaza
Ndavomera madamu. Ndiye ndifunseko langa. Ine ndimasapota Arsenal kuyambira ndili mwana. Pa baji pali mzinga. Nkhani yake ndi yomweyi?

Sajeni Wopuma, Zomba
Yomweyo. Arsenal ndi malo opangira ndi kusungira zida. Timuyo inayambitsidwa mu 1886 ndi anthu ogwira ntchito pa fakitale ya zida ya Royal Arsenal ku Woolwich, n'chifukwa chake amatchedwa Gunners. Mzinga ndi cannon, ndipo gulu la asilikali a mizinga ndi artillery.

Poti tafika pa mfuti, aphunzitsi musasiye gogodela. Agogo athu ankaidziwa bwino: kuthira onga kukamwa kwa mfuti, kuika chipolopolo, kugogoda ndi kamtengo kachitsulo. M'Chingelezi ndi musket, woinyamula ndi musketeer, kamtengoko ndi ramrod. Pambali pake pankakhala kambale kakang'ono kothiramo onga pang'ono, mwala ukakhula chitsulo moto n'kugwira pamenepo n'kulowa mkati. Nthawi zina onga wa m'kambalemo unkangoti phwii, mfuti osalira. Ndiye akati flash in the pan, akunena chinthu chimene chayamba ndi ukali koma osabala kanthu. Lock, stock and barrel ndi zigawo zitatu za mfuti imeneyi: chotchera moto, thabwa la paphewa ndi mpope. Ukatchula zitatuzo watchula mfuti yonse, ndiye tanthauzo lake ndi zonse, osasiyako kanthu. Pike uja anatha ntchito cha m'ma 1700 pamene anayamba kumangirira mpeni kunsonga kwa mfuti, bayonet, munthu mmodzi n'kukhala ndi mfuti ndi mkondo pamodzi. Grenadier anali woponya grenade, ndipo grenade ndi dzina la Chifalansa la chipatso cha khangaza, poti kabombako kanali kozungulira kodzaza njere.

Ife a kuno mawu amenewa sitinawaphunzire m'kalasi. Anabwera ndi King's African Rifles imene inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a kuno ku Nyasaland. Chipilala chawo chilipo kuno ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks. Moyale Barracks ya ku Mzuzu dzina lake ndi la tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia kumene asilikali athu anamenyana ndi Ataliyana mu 1940. Asilikali atabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, perete ndi maudindo aja analowa m'magule. Taonani malipenga, mganda ndi beni, muona mizere, saluti ndi mayunifolomu.

Zulu wa ku Chipata
Bambo sajeni, mwatchula miyambi, ndiye ndichenjeze pa umodzi umene unandigwetsapo. Throw down the gauntlet ndi kuponya golovesi ija pansi pamaso pa mnzako, kumuputa kuti mumenyane, iye akaitola ndiye kuti wavomera. Koma run the gauntlet mulibe golovesi. Anachokera ku mawu a ku Sweden, gatlopp, chilango chimene msilikali wolakwa ankathamanga pakati pa mizere iwiri ya anzake akumukwapula. Angelezi anangowapinda kuti amveke ngati mawu amene ankawadziwa kale.

Tadala F4
Nanga malupanga aja, rapier, cutlass, sabre, claymore? Nawonso tizifunsa kuti wanyamula ndani?

Mbewe wa ku Leeds
Eya, funso lomwelo. Rapier ndi lowonda, lalitali, lobayira, la mabwana a m'tauni pokangana awiriawiri. Cutlass ndi lalifupi, lokhuthala, la amalinyero, poti m'sitima malo ndi ochepa. Limafanana kwambiri ndi chikwanje, moti ku Ghana ndi ku zilumba za Caribbean chikwanje amachitcha cutlass mpaka lero. Sabre ndi lokhota, la wokwera hatchi, lotemera akudutsa. Claymore ndi lalikulu la ku Scotland. Dagger ndi mpeni wakuthwa konsekonse wobayira pafupi, umenewo muupeza posachedwa m'sewero lanulo. Halberd ndi nkhwangwa ndi mkondo pa mtengo umodzi. Akatolika mukaona alonda a Papa ku Vatican, a Swiss Guard amene alipo kuyambira 1506, chimene agwira m'manja chija ndi halberd.

NaBanda, Dedza
Ndabweranso kudzanena mmene zayendera. Lero ndinali ndi mapiriyodi awiri otsatizana. Ndinalemba mawu athu khumi ndi limodzi aja osanena kanthu, n'kufunsa amene angafotokoze. Uta, muvi ndi nkhwangwa onse anadziwa. Phodo anadziwa mnyamata mmodzi yekha, amene agogo ake anali mlenje ku Dzalanyama, ndipo anaima n'kusonyeza mmene amalikolekera. Kenako tinatuluka panja. Ndinabwereka nsungwi zinayi zazitali kwa mlonda, ana khumi ndi awiri anaima mothithikana, ena anakhala mahatchi. Palibe hatchi imene inayerekeza kuyandikira. Mtsikana uja ndi amene ananena yekha kuti, ndiye pike ndi wa gulu, javelin ndi nthungo, lance ndi wa pa kavalo. Titabwerera m'kalasi tinawerenganso tsamba lija, ndipo anakangana okhaokha ngati woukira wolemba asilikali aganyu angadaliridwe.

Bambo Jere, anawo andituma. Akufuna kudziwa kuti chishango cha Angoni amachipanga bwanji, ndiponso ngati mtundu wa chikopacho uli ndi tanthauzo.

aJere, Mzimba
Auzeni kuti chikopa cha ng'ombe amachikhomerera pansi ndi zikhomo kuti chiume chowongoka, n'kuchidula mozungulira motalikirapo. Pakati amaboola timipata mizere iwiri, n'kulowetsamo timalamba tachikopa timene timagwira ndodo ya kumbuyo, ndipo ndodoyo ndiye msana wa chishango ndi pogwirira pake. Kwa Azulu mtundu unkasonyeza gulu: ankhondo akuluakulu ozolowera ankanyamula zoyera, anyamata zakuda. Changa chili pakhoma pano. Mdzukulu wanga akabwera kusukulu madzulo ano ndimuuza achijambule kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kuti anawo aone mmene timalambato talowera, ndikutumizirani pagulu pompano.